Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Tsiku limene kompyuta inanena pomwe ikumva kupweteka

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe amalume anandisiyira makiyi a kashopu kawo pa boma la Kasungu. Ntchito yanga inali kutaipa makalata, kupirinta ndi kuchita fotokope. Kompyuta inalipo imodzi yokha, yakalekale, ya Ubuntu (mtundu wina wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta), ndipo m'menemo munali mayina ndi mawerengero a makalabu a alimi a fodya ochokera ku Chamama ndi ku Santhe komwe.

Msika wa fodya uli pafupi kutsegulidwa, kompyuta ija inayamba kuuma. Ukutaipa bwinobwino, basi zii, mausi osasuntha. Anzanga onse ankangoti, "Ingofomata aise." Mtima wanga unkakana, poti kufomata kumafufuta zonse, ndipo ntchito ya alimi aja ndinalibe kwina kumene ndinaisunga.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi ena a kusekondale kudzapirinta mayeso, ndipo anandipeza nditagwira njakata.

"Musafomate, achimwene. Mwayamba mwaifunsa mwini wakeyo?"

Anakoka mpando, natsegula terminal, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, nalemba sudo dmesg -T. Mizere inatsika pasikirini ngati mvula ya mu Januwale. Anandiuza kuti amene akulankhula apo ndi kernel, mtima wa Linux, amene amayendetsa disiki, ma USB ndi zida zonse. Chilichonse chimene waona amalemba pa kamalo kochepa mu memori. Kamaloko kakadzaza, zatsopano zimafufuta zakale, ndipo ukazimitsa makina zonse zapita. N'chifukwa chake analembanso journalctl -k -b -1, lamulo lowerenga uthenga umene unasungidwa pa disiki, kuti tione zimene kernel inanena isanaume dzulo lake.

Ine ndinkangoona chisokonezo, koma iwo anaika chala pamzere umodzi umene unkabwerezabwereza: ata1: hard resetting link. Pansi pake panali mawu akuti I/O error.

"Mwaona? Ikuitana disiki, disikiyo osayankha, ndiye ikuyambiranso. Nthawi zambiri zikatere vuto limakhala chingwe."

Tinazimitsa, tinatsegula bokosi. Fumbi linali mbuu, lofiira, la mumsewu uja. Kachingwe ka SATA, kolumikiza disiki ku kompyuta, kanali lendelende, kumutu kwake kutasweka. Ndinathamanga kukagula kena, manja akunjenjemera. Titayatsa, aphunzitsi analemba dmesg -w, kuti uthenga watsopano uzioneka pomwepo, ndipo tinakhala chete tikudikira mzere uja. Sunabwerenso.

Asanapite anandilembera kuseri kwa pepala la mayeso kuti uthenga wa kernel uli ndi milingo 8, kuyambira 0, wa ngozi yeniyeni, mpaka 7, wa debug, wongothandiza akatswiri pofufuza mavuto, ndipo ndikafuna zolakwika zokha ndizilemba dmesg -l err. Pepala limenelo ndikadali nalo mpaka lero, ndipo ndalama ya mayeso awo sindinalandire ngakhale anaumirira.

Usiku womwewo ndinakopera mafayilo onse pa fulashi ziwiri. M'mawa mwake tcheyamani wa kalabu ina ya ku Chamama anafika pa njinga, ndipo mapepala ake anawapeza ali pa tebulo.