Dzina loyamba m'kabuku ka ngongole ndi langa

Pamwamba pa firiji m'nyumba mwathu ku Mtendere pamakhala kabuku kakang'ono kodulidwa pakati, kotsala pa mabuku a giredi 5. Patsamba loyamba mwana wanga wachisamba analemba ndi bolopeni yofiira kuti "Ngongole". Dzina loyamba ndi langa: Amama, K35. Pansi pake pali atate ake, K20, kenako mlongo wake wamng'ono, K5, ndi mawu akuti "anadya osapempha".

Zinayamba mu 2024 ndi nsapato. Anaona anzake kusukulu atavala zoyera zija zamasewero, nayenso akuti akuzifuna. Ku Kamwala tinazipeza pa K300. Ndinamuuza kuti ine ndimasoka madiresi awiri kuti ndigwire ndalama imeneyo, ndiye aganize yekha. Atakhala chete masiku atatu anabwera ndi nzeru yogulitsa ma freezit pageti. Ndinamupatsa K50, anagula juwisi, shuga ndi timapepala. Koma chaka chimenecho aliyense wa mu Lusaka akuchikumbukira: mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, magetsi ankabwera pakati pa usiku kwa maola owerengeka n'kuthawanso. Firiji inasanduka kabati. Ma freezit aja anakhala madzi ofunda mpaka ana a m'yadi anamwa ulere. Analira usiku wonse, ndipo dzanja langa linafika kale m'chikwama kuti ndimupatse K50 ina. Ndinalibweza.

Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, ndipo amayi anga ku Katete anatitumizira thumba la nshawa pabasi. Titakalitenga ku Intercity, mtsikana uja maso ali gwa pathumbapo. "Amama, izi sizifuna magetsi." Zoona, nshawa zokazinga zimangofuna mbaula, malasha ndi mchere. M'mutu mwake anali atawerenga kale: katundu waulere, ndalama yonse yake.

Apa m'pamene ndinachita chimene amuna anga sanachimvetse. Ndinamugulitsa nshawazo. Titasenda, ndinayeza meda imodzi n'kumuuza kuti ndi K150, mtengo umene ndinaupeza ku Soweto sabata imeneyo, adzalipire akagulitsa. Atate ake anandiyang'ana ngati ndaba m'tchalitchi. "Amake mwana, mpaka kugulitsa mwana nshawa za ambuya ake?" Ndinawayankha kuti thumbali lidzatha, ndipo likadzatha ambuya sadzakhala pageti ndi lina. Mwana akazolowera katundu waulere amaika mtengo uliwonse, amapatsa anzake mmene afunira, n'kumadziona ngati katswiri wa malonda, chonsecho bizinesi yake ili ndi moyo wautali wofanana ndi thumba basi.

Tinakhala patebulo ndi kapepala. Nshawa K150, malasha K20, mchere ndi timapepala K10. Meda ija inatulutsa timapaketi 50 ta K5. Atamaliza kugulitsa anabwera akuvina ndi K250 m'manja. Ndinamusiya avine kaye, kenako ndinati tichotse K180. Nkhope inagwa ataona K70 yokha itatsala patebulo. "Ndiye zonsezi ndakazingira K70?" Eya mayi, ndipo tsiku limene udzakaode wekha ku Soweto uchotsenso ya basi.

Ndinatsuka zitini ziwiri za Cobra. Chimodzi cha mpamba, umene kuno ambiri amati kapito, china cha phindu. Lamulo linali limodzi: cha phindu utsegule mmene ufunira, ugule maswiti kapena uponye m'chimbudzi, ndi zako. Cha mpamba chimatsegulidwa Loweruka lokha, pokagula katundu.

Zitini ziwirizi ndinazitengera kwa amayi anga, chifukwa iwo analibe. Anagulitsa vitumbuwa m'mphepete mwa Great East Road zaka zonse za ubwana wanga, kudzuka tambala woyamba, ndipo panalibe mayi wolimbika kuwaposa. Koma ndalama yonse inkakhala pamfundo imodzi ya chitenje. Ya fulawa inali pomwepo, ya kuchigayo pomwepo, chipepeso cha maliro pomwepo, sopo pomwepo. Mwezi wina umangomva kuti sakukazinga, mafuta palibe, adikire nkhuku ikule agulitse kuti ayambirenso. Ukawafunsa ngati malondawo ankapindula, mpaka lero amangoti "tinkadya". Mwana wanga amaseka ndikamuuza kuti chitumbuwa chinafika pogulidwa K500. Sakudziwa kuti mu Januwale 2013 ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu, K500 ija n'kukhala 50 ngwee. Amaganiza kuti ambuya ake anali mamiliyoneya.

Tsopano za K35 yanga ija. Kunali kumapeto kwa mwezi, tsiku langa loponya chilimba litakwana, makasitomala awiri osabwera kudzatenga zovala zawo. Nditaponya, ya ndiwo inasowa. Mwana ali kusukulu. Ndinatsegula chitini, ndipo sindinatsegule cha phindu chifukwa munali K12 yokha. Ndinatenga m'cha mpamba, ndikudziuza kuti pofika Lachisanu ndidzakhala nditabweza. Lachisanu linafika, ine ndaiwala.

Loweruka m'mawa ndinamumva akuwerenga kuchipinda, kubwereza katatu. Anatuluka chitini chili m'manja. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu, "Amama, si paja munati ichi sititsegula?" Ndikadafuna ndikadamuzimitsa pomwepo, mawu ake tonse timawadziwa: ndiwo zimenezo sunadye nawo? Nyumba ino ukulipira ndiwe? Kwathu mwana salonjerera kholo ngongole, ndipo mtima wanga unatentha ndithu. Koma ndinaona mfundo ya chitenje cha amayi anga ili m'manja mwanga. Ndinamuuza atenge kabuku alembe dzina langa. Sabata imeneyo anagula theka la meda, ndipo anaona yekha mmene K35 yosowa imadyera phindu la sabata yonse. Atate ake analowa m'kabukumo mawa lake, chifukwa iwo akamaonera mpira dzanja limangopita lokha m'beseni.

Kabukuka kanandiopsanso mbali ina. Tsiku lina azakhali ake anabwera kuchokera ku Chawama, iye n'kuwatchajira K5 pa kapaketi. Manyazi anandigwira. Sindikufuna kulera mwana amene adzaone m'bale aliyense ngati kasitomala. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo ifeyo mu Lusaka muno tinafikira kwa abale amene anatisunga miyezi osatiwerengera nsima. Tinagwirizana kuti pa meda iliyonse azipatula timapaketi tiwiri kapena titatu ta alendo, n'kulipira yekha kuchokera m'chitini cha phindu. Amapereka nkhope ili yowawa pang'ono, koma amapereka.

Mayi wina woyandikana nafe anandiuza kuti ndikuphunzitsa mwana kukonda ndalama, adzasiya sukulu. Nkhawa yake ndimaimva. Ana amene amayenda ndi mabeseni pakati pa magalimoto m'tauni nthawi ya sukulu ndimawaona tsiku lililonse, ndipo kuyambira 2022 pamene sukulu za boma zinakhala zaulere, chowiringula chinachepa. Wanga amagulitsa pageti pokha, homuweki ikatha, ine ndikumuona kuchokera pamakina. Nthawi ya mayeso mbaula imazima. Chimene ndaona n'chakuti masamu a kuchotsera ndi kugawa, amene ankamuliza, tsopano amawachita pamtima.

Ena anandilangiza kuti ndizimusungira ndalamazo pa Airtel Money yanga poti iye sanafike zaka 16 zotengera chitupa cha unzika cha NRC. Ndinakana. Pafoni yanga zikasakanikirana ndi za zipi ndi ulusi, ndipo ndadziwa kale kuti wakuba wa m'nyumba muno ndani. Komanso ndalama ya pafoni mwana saimva kulemera. Amaona amayi ake akudina, katundu n'kubwera.

Thumba la ambuya linatha kalekale. Masiku ano timapita limodzi ku Soweto Loweruka m'mawa, iye kutsogolo, ndipo amadziwa kuluma nshawa kuti amve ngati zauma, amadziwanso kupempha mbasela mopanda manyazi. Ya basi ikachotsedwa amatsala ndi K50 pa meda. Chitini cha phindu chitakwana K300 tinabwerera ku Kamwala. Anazigwira nsapato zija, kuzitembenuza, n'kunena yekha chapansipansi kuti "mameda 6". Anazibweza pashelefu. Tinatulukira kwa a salaula, anasankha zina za K90 zimene zinangofuna kuchapa, yotsalayo anathira m'chitini cha mpamba kuti azioda mameda awiri.

Pa K35 ija ndinabweza K20. Lero m'mawa, akumanga zingwe za nsapato zake za salaula, wandikumbutsa kuti mwezi watha.