Anesi, mwandiiwala?

Sabata yonseyi ndinali pa naiti ku leba. Ndine namwino komanso mzamba pa kachipatala kena mbali ya ku Dwangwa kuno, ndipo chaka chino ndi cha 8 ndili pabanja koma mwana ndilibe. Ana a anthu ena ndawalandira ambirimbiri m'manja mwangamu.

Lolemba ndi Lachiwiri kunali ziii, amayi awiri anachira bwinobwino. Mwera wokha ndi umene unatizunza, magadiyani onse atadzikulunga zitenje pakhonde.

Lachitatu ndiye linandivuta. Nditaweruka mmawa ndinapeza kuti ndayambanso kumwezi, chonsecho ndinali nditachedwa masiku 9 ndipo mumtimamu ndinali nditayamba kale kuwerengera mwezi wodzachira, mwezi watha omwewu ine ndi abambo akunyumba tinasala kudya masiku atatu. Ndinalira kubafa mpaka mutu kuwawa. Madzulo ndinasita yunifomu nkupita kuntchito.

Cha m'ma 9 usiku kunabwera mtsikana wa mimba yoyamba. Nditamuyeza njira inali pa masentimita 4, pomwe mwana amatuluka ikafika 10. Zikatero palibe chothamangira, njira timayezanso pakatha maola 4, mtima wa mwana timamvetsera mphindi 30 zilizonse nkumalemba pa partograph, pepala lolondolera mmene matenda akuyendera. Koma iye ululu utamugwira ankangofuna kukankha. Ndinamuuza kuti achemwali pumirani mkamwa, musakankhe kaye, mukakankha njira isanatseguke khomo la chiberekero limatupa ndiye mwana amachedwa kuposa apa.

Apongozi ake ndinawapeza akumunong'oneza, m'chitenje atabisa kabotolo ka mwanamphepo. Amayi ambiri kuno amakhulupirira kuti amafulumizitsa matenda, ndipo zoona mimba imapweteka motsatizana, koma njira imakhala isanakonzeke, mwana amabanika, ena chiberekero chimang'ambika kumene ndipo kuti ambulansi ikafike naye kuboma pa msewu wa M5 usiku ndi nkhani ina. Sindinawakalipire. Ndinangoti mayi, ndikudziwa mukumumvera chisoni mwana wanuyu, koma ndipatseni botololo ndikusungireni. Anandipatsa.

Cha m'ma 2 ndinakhala pa tebulo kuseri kwa katani ndikulemba. Ndinangomva kamawu kotopa, "Anesi, mwandiiwala?"

Bolopeni inaima. Mawu amenewo ndi omwe ndinawauza Mulungu kubafa kuja, ndendende. Komatu ine mtsikanayu sindinamuiwale ngakhale mphindi imodzi, ndinali ndikumva kubuula kwake konse, maso ali pa wotchi, magolovesi ndi oxytocin, jekeseni woteteza mayi kutaya magazi ambiri akachira, nditayala kale pa thireyi. Iye sankandiona basi. Ndinakumbuka Hana wa m'Baibulo, amene analibe mwana, ali ku Silo, akupemphera milomo yokha ikugwedera mpaka Eli kumuyesa woledzera, chaka ndi chaka akupita komweko. Sindikunena kuti Mulungu anandilonjeza mwana usiku umenewo ayi, sindinamve mawu aliwonse. Koma mkwiyo umene ndinabwera nawo unatsika. Ndinapita kukamusisita msana, ndinati ndili pompano achemwali, tafika pa 7, tikuyenda.

Anachira kukucha, kumzikiti akuitanira mapemphero a mmawa. Mwana wamkazi, makilo 3.1, analira nthawi yomweyo. Nditamuika pachifuwa pa mayi ake misozi inatsika, apongozi aja anaona koma sanafunse kanthu.

Lachinayi kunali amayi atatu, mmodzi tinamutumiza kuboma chifukwa BP inakwera. Lachisanu mmawa apongozi aja anandidikirira pageti ndi kambale ka kondowole ndi usipa, ati anesi mudye musanagone. Botolo lija sanalifunsenso.

Mwezi wamawa tili ndi tsiku lokaonananso ndi dokotala wa amayi ku Lilongwe. Ndinkafuna kulisiya chifukwa ndinatopa ndi kuyezedwa, koma dzulo ndawauza abambo kuti asunge ya transipoti, tipita. Usiku uno tipempheranso limodzi ngati kale.