Nyani anali ndi pasipoti, ine ndinalibe

Ine sitima ndimaidziwa, kapena nditi ndinkadziyesa woidziwa. Zaka zonse zimene ndinkaphunzitsa ku Balaka ndinkakwera ya ku Limbe ija, yoti ikangoima pa siteshoni aliyense amasanduka msilikali. Katundu amalowera pawindo, mwana kumsana, thumba la usipa pamutu, nzimbe m'khwapa, ndipo wochedwa amakhalira dengu la mnzake mpaka kukafika. M'sitima imeneyo ndinaphunziramo malamulo awiri: thamangira mpando, ndiponso usakwere wopanda kamba.

Ndiye mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Manchester, anaimba foni kuti watilipirira ulendo wa ku Livingstone, m'dziko la Zambia, poti ine ndi mayi ake tinali titakwanitsa zaka 40 tili m'banja. Anati mmawa tikaona nyama, madzulo tikakwera sitima ya malasha yodyeramo chakudya.

“Adadi, chonde musakatenge chakudya chilichonse, zonse ndalipira kale. Inu mukangovala bwino.”

Mawu atatu otsirizawo ndinawamva bwinobwino. Oyambawo anapita ndi netiweki.

Ndinatulutsa suti yanga yoyera, imene ndinasoketsa pa ukwati wa mwana yemweyo. Kuyera kwake ngati ufa woyera wongochotsa kumene pamphasa. Mayi akunyumba ataiona anagwira pakamwa.

“Abambo, mwanatu wati sitima ya malasha.”

“Nanga ine ndikukakwera pamalashapo?”

Za masiku awiri a pa basi, kudzera ku Mchinji, Chipata ndi Lusaka, ndisakutayitseni nazo nthawi. Msana wanga ndi umene ungafotokoze.

Mmawa wake anatitenga pa galimoto yopanda mawindo kulowa m'nkhalango ya Mosi-oa-Tunya. Ndi yaing'ono, ndipo mikango mulibe, zimene zinandikhazika mtima pansi. Tinaona mbidzi, nyamalikiti, njati, ndi njiri zothamanga michira ili m'mwamba ngati eriyo ya wailesi. Kenako tinatsika kukaona zipembere wapansi. Zipembere zimenezi zimalonderedwa ndi asilikali a nyama usana ndi usiku, mfuti zili m'manja, chifukwa cha anthu ofuna nyanga zake. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo nyama yokhala ndi alonda ngati nduna. Anatiuza kuti tiyende mondondozana, tisalankhule, chifukwa chipembere maso ake ndi ofooka koma makutu ndi mphuno n'zakuthwa. Titangoyandikira, foni yanga inayamba kuimba nyimbo ya kwaya ya kwathu, mokweza ngati pa msonkhano wa chitsitsimutso. Anali mlamu wanga, akufunsa kumene ndinaika kiyi wa khola la mbuzi. Chipembere chinatembenuza khutu limodzi, mlonda anatembenuza nkhope yonse, ndipo pa ziwirizi choopsa chinali nkhopeyo.

Apo m'pamene munthu wanzeru akanadziwa kuti tsikulo silake. Ine masana ndinazemba, n'kupita kumsika wa Maramba kukagula theka la nkhuku yokazinga ndi chinangwa chophika. Ndinazikulunga m'majumbo awiri n'kuziika m'kachikwama kanga kachikopa, momwe munalinso mapasipoti athu awiri ndi magalasi anga owerengera.

Titafika pokwerera sitima, ndinagwira mayi dzanja.

“Tiyeni changu, mipando itha!”

Ndinadutsa azungu awiri okalamba ngati mphepo, n'kukakhala pampando woyamba umene ndinauona, ndikupumira m'mwamba. Mnyamata wovala yunifolomu anabwera akumwetulira n'kundiuza kuti tebulo lathu lili m'bogi ina, ndipo lalembedwa kale dzina lathu. Ndinathamangira mpando woti unkandidikira.

Koma abale, bogi yake! Matabwa onyezimira kukhoma, makatani, nyale zazing'ono pa tebulo lililonse, nsalu yoyera yopikisana ndi suti yanga. Patsogolo panga panali mafoloko atatu, mipeni itatu ndi matambula a misinkhu yosiyanasiyana, ngati akuyembekeza banja lonse. Anatipatsa kansalu konyowa kopinda bwino, ine n'kudikira kaye kuti ndione anzanga akutani nako. Kenako kunabwera mbale yaikulu, pakati pake pali tizinthu titatu, kalikonse kosaposa chala chachikulu, katsamba kamodzi kali pamwamba. Ndinameza katatu, mbale mbee. Ndinawerengera mumtima ndalama zimene mwana wanga anawononga, ndinazisandutsa matumba a feteleza, ndipo ndinasisita kachikwama kanga ngati mwana womvera.

Sitima inaliza mluzu, n'kuyamba kuyenda mwaulemu, tchu tchu tchu, utsi wakuda ukudutsa pawindo. Ana a m'mphepete mwa njanji ankatibayibitsa. Apa mtima unandigunda pang'ono, chifukwa agogo anga aamuna anagwirapo ntchito ku mgodi wa malasha wa Wankie, kumene lero amati Hwange, tsidya lija la Zambezi. Anthu ambiri a kwathu ankapita kumeneko nthawi ya atsamunda. Njanji yochokera ku Bulawayo inafika ku Wankie mu 1903, ku mathithi a Victoria Falls mu 1904, ndipo mlatho wa pa Zambezi unatha mu 1905. Agogo ankati malasha amene iwo ankakumba ndi amene ankayendetsa sitima zonsezo, koma iwo ankakwera m'bogi ya kumapeto, atakhalira bokosi. Lero mdzukulu wawo anali pa tebulo la mafoloko atatu.

Dzuwa likupendeka, sitima inakwera pa mlatho wa Victoria Falls n'kuima. Anatiuza kuti titsike tione. Mlathowu ndi wautali mamita 198, ndipo madzi ali pansi penipeni, mamita 128 kuchokera pamene waimapo. Amati mtsamunda wachingelezi uja, Cecil Rhodes, ankafuna kuti nthunzi ya mathithi izigwera pa mabogi sitima ikamadutsa, koma mwini wakeyo anamwalira mu 1902 asanauone n'komwe. Ife nthunziyo inatipeza ndithu, timadontho tozizira kumaso, mkokomo uli du du du mpaka m'mimba. Pomwepo m'pamene achinyamata amadzimangirira chingwe kumiyendo n'kudziponya mamita 111, atalipira okha ndalama. Ine za zimenezo ndilibe ndemanga.

Anzathu akujambula dzuwa, ine ndinapita kumutu kwa sitima. Ndi chimphona chakuda chakalekale, chopuma ngati ng'ombe yotopa, madzi otentha akudontha m'mbali. Wosonkhezera moto anandiona ndikusuzumira.

“Kwelani mudala, muone!”

Ndinakwera. Kutentha kwake ngati uvuni ya njerwa. Anatsegula chitseko cha ng'anjo, n'kundionetsa mmene zimayendera: malasha amayaka, moto umawiritsa madzi m'thanki yaitali ija, nthunzi imakankha zitsulo zam'mbali, zitsulozo n'kumazunguza magudumu. Ndinamuuza za agogo anga a ku Wankie. Iye anaseka n'kunditambasulira fosholo.

Apa ndivomere kuti palibe anandikakamiza. Ndinatapa malasha modzaza, mwaulemu wa agogo, n'kuponya. Theka linalowa m'ng'anjo, theka linamenya m'mphepete mwa chitseko n'kundibwerera ngati dzombe. Ndinati ndiphumule jekete ndi manja, kuiwala kuti manjawo ndi amene anagwira fosholo. Thukuta litayamba kutsika, ndinapukuta kumaso. Kenako anandilola kukoka chingwe cha mluzu, ndipo ndinakoka mwamphamvu moti mayi wina wachizungu anataya vinyo wake pansipo. Nditatsika, suti yanga inali ngati mbidzi za mmawa zija, kungoti mbidzi mizere yake imalongosoka.

Mayi akunyumba anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato.

“Nanga si munati simukwera pamalashapo?”

Manyazi ndi njala zikakumana, njala ndi imene imapambana. Ndinazemba n'kuyenda pang'ono pamlathopo, kutali ndi makamera, kuti ndikadzitonthoze ndi ntchafu ya nkhuku. Ndinaika kachikwama pansi, n'kutsegula zipi pang'ono. Fungo linatuluka. Nditawerama kuti ndipukutire manja ku mpango, ndinangomva fwaa!

Nyani. Chimkhwere chachimuna, mapewa ngati wonyamula matumba ku depoti ya chimanga. Sichinathamange n'komwe poyamba. Chinanyamula kachikwama m'dzanja limodzi ngati kalaliki wopita ku ofesi, n'kulunjika tsidya la Zimbabwe.

Pakati pa mlathowu m'pamene pali malire a mayiko awiriwa. Nyani anadutsa, ine pambuyo, ndikufuula, “Wakuba! Mgwireni!” Pofika tsidya linalo ndinazindikira mmene nkhani inalili pamaso pa lamulo. M'dziko la eni munalowa awiri. Mmodzi anali ndi mapasipoti awiri ovomerezeka, winayo analibe ngakhale chiphaso cha ubatizo, nkhope ili bii ngati wothawa kumgodi. Wapolisi akanabwera nthawi imeneyo, womangidwa ndikanakhala ine.

Nyani uja anakwera pachitsulo cham'mbali, kumbuyo kwake kuli phompho lija, n'kukhala pansi bwinobwino. Anamaliza kutsegula zipi ndi zala zake, mwaluso kuposa mdzukulu wanga. Anatulutsa magalasi anga, anawanunkhiza, anawataya kumbuyo. Sindinamve n'kugwa komwe. Anatulutsa pasipoti ya mayi, anaitsegula, ndikulumbira anayang'ana chithunzi, kenako n'kuiponya cha kumapazi kwanga. Anatulutsa yanga, n'kuiluma pangodya.

Pamenepo mphunzitsi wamkulu wopuma, mkulu wa mpingo, ndinagwada pa mlatho wa 1905 n'kuyamba kuwomba m'manja.

“Pepani achimwene, nkhukuyo tengani, ndi yanu. Chinangwanso tengani. Kabukuko kokha.”

Kaya anamva Chichewa, kaya pasipoti ya Malawi sikoma, anailavula n'kugwera mkati mwa mlatho. Anasolola majumbo aja, kachikwama n'kukasiya pomwepo, n'kutsetserekera kunsi kwa zitsulo kumene anzake ankamudikira. Nditacheuka ndinapeza theka la sitima laima kumbuyo kwanga, mafoni ali m'mwamba. Dzuwa lija linalowa popanda wolijambula.

Mnyamata wa yunifolomu uja ndi amene anatola kachikwama n'kundidzutsa.

“Mudala, ba nyani ba pano ni bakawalala. Manje nkhuku munaitenga ya chani? Chakudya chikalibe kuyamba.”

“Chikalibe kuyamba? Nanga tija tinadya tija?”

Anati tija n'tongotsegulira kukhosi.

Sitima itanyamuka kubwerera, mbale zinayamba kubwera. Supu. Kenako nsomba. Kenako nyama yofewa yoti mpeni umangoigusa. Aliyense wa mafoloko aja anali ndi ntchito yake, ndipo ine ndinasiya chidindo cha zala zakuda pa lililonse, pa tambula, pa nsalu ya tebulo, ngakhale pa mkono wa mnyamata uja pomuthokoza. Pofika mbale yachisanu ndinali nditamasula lamba. Menyu sindinathe kuiwerenga poti magalasi anali paulendo wa ku Kariba, ndiye mayi ndi amene ankandiwerengera, mokweza, ndipo pa chakudya chilichonse ankawonjezera kuti, “Ichinso mwana analipira, abambo.”

Pobwerera, pa chipata cha Mwami, wa imigireshoni anaitembenuza pasipoti yanga kawiri, n'kuloza mabowo anayi a pangodya paja.

“Bambo, ichi n'chidindo cha dziko liti?”

Ndisanatsegule pakamwa, mayi anali atayamba kale kufotokoza, kuyambira pa chipembere, ndipo mzere wonse kumbuyo kwathu unasendera pafupi kuti umve bwino.