Crappie za ku Patoka Lake

Loweruka ndinakawedza nsomba zotchedwa crappie panyanja ya Patoka Lake kuno ku Indiana, ku America, koma manyazi ake! M'mawa wonse nyambo ndinkaigwetsa pansi penipeni ngati ndikusaka mlamba, osakola olo imodzi. Bambo ena achikulire a m'bwato loyandikana nane ndi amene anandiuza kuti crappie imadya choyang'ana m'mwamba, ndiye nyambo izilendewera pamwamba pake pang'ono.

Ndinasuntha kamfundo ka bobber (kanthu koyandama ka pa chingwe kosonyeza kuti nsomba yadya) kuti nyambo ikwere m'mwamba, kansomba kamoyo konga matemba n'kukabaya pamsana, kamtovu kamodzi pamwamba pa mbedza, n'kuponya pafupi ndi mitengo yomira m'madzi. Abale inu! Bobber sinamire n'komwe, inangogona cham'mbali, kumeneko ndiye kudya kwake. Ndinavuula 9. Zina ziwiri zinapulumuka chifukwa cha phuma langa pokoka, poti milomo yake ndi yopyapyala ngati pepala.