Zikomo kwa inu amene munalipira chitsulo chimene tinaononga

Makina athu oumbira mabriketi, timibulu ta fumbi la makala tophikira pambaula, agulidwa. Gulu la amayi la ku Bangwe linabwera Lachisanu ndi kalole, linalipira ndalama zonse, ndipo tinachita kuthandizana kuwakweza poti ndi olemera ndithu. Anzanga pashedi anati mawu othokoza ndilembe ndine chifukwa ndine wolongolola. Ndiye mundipirire, ndilemba motalikirapo. Makina amenewa adya chitsulo chambiri asanafike pooneka bwino chonchi, ndipo chitsulo chimenecho pali anthu amene anachilipira.

Ndiyambe ndi a madala, eni shedi yathu kuno ku Ndirande. Dzina lawo sinditchula, sakonda zimenezo, ndipo Facebook amati ndi masewera a ana. Amene munaphunzirako ntchito yamanja mukudziwa mmene zimakhalira m'mashedi ambiri. Chaka choyamba ntchito yako ndi kusesa, kupala dzimbiri, kugwirira chitsulo mmisiri akamawotcherera, ndi kutumidwa kukagula marodi owotcherera. Ukangodula paipi moperewera, akudula pa kandalama kako ka sopo. Mwana woleredwa chonchi amatha kupanga geti ndi mafulemu a mawindo ndendende mmene anaonera, koma mukamubweretsera chinthu chimene sanachionepo amangoyankha kuti "izi sitipanga kuno." Si ulesi. Anamuphunzitsa mantha pamodzi ndi ntchitoyo.

A madala ali ndi mulu wa zotsala kuseri kwa shedi: zidutswa za mapaipi, malata, mabawuti akutha mano, masipuling'i a galimoto. Anthu ogula sikirapu amabwera ndi sikelo yawo, koma mulu umenewu sagulitsa. Loweruka masana, ntchito za makasitomala zikatha, amati, "Tengani apo, pangani chimene chili m'mutu mwanu." Lamulo lawo ndi limodzi lokha. Chinthu chikakanika suchibisa. Lolemba m'mawa umachiika pabenchi, tonse timachizungulira, ndipo mwiniwake umanena wekha chimene ukuganiza kuti chavuta. Iwo sakalipa. Yankho sakupatsanso, zomwe masiku ena zimawawa kuposa kukalipidwa. Amangolemba mzere ndi choko pachitsulopo n'kufunsa kuti, "Jeke ikakankha apa, mphamvu ikupita kuti?"

Maganizo a makinawa anachokera pamsika, pamene amayi ogulitsa makala amasesa fumbi ndi zinyenyeswa madzulo n'kukataya. Makala amene timaphikira mu Blantyre ambiri amachokera kutali, ku Neno ndi ku Mwanza, kudzera msewu wa Zalewa, ndipo thumba likamafika kuno pansi pake pamakhala fumbi lokhalokha. Munthu walipira fumbilo koma sangaphikire. Tinati bwanji tiliumbe. Njira yake si yachilendo, ena amachita kale: fumbi la makala, phala lopyapyala la ufa wa chinangwa lomatira, kupanikiza, kenako kuyanika padzuwa. Chimene chinalibe kuno kwathu ndi makina otchipa oti gulu la amayi lingakwanitse, osafuna magetsi. Tinasankha jeke ya galimoto, ya mafuta ija, kuti izikankha chitsulo chafulati m'mapaipi odzaza ndi fumbi lonyowa.

Makina oyamba anapindika tsiku lomwelo. Chitsulo chapansi chinali chopyapyala, jeke itakankha chinangofutukuka ngati chivundikiro cha poto wakale. Tinawotcherera nthiti kunsi kwake, chinalimba. Kenako madzi anasowa potulukira, matope akuda anathovokera m'mwamba mpaka kumaso kwa amene ankapopa jeke, ndipo a madala anaseka mpaka kukhala pansi. Tinaboola timabowo m'mbali mwa mapaipi. Mabriketi anayamba kutuluka olimba, okongola, koma pambaula ankangonyeka kunja, mkati muli zii. Apa tinakhalitsa. Amene anatitulutsa ndi kamnyamata kathu kakang'ono pashedi, kamene nthawi zambiri sikayankhula akuluakulu akamakambirana. Kanati, "Nanga tikaika kachitsulo pakati pa paipi kuti briketi izituluka ndi bowo, mpweya uzidutsa?" Iwe mng'ono wanga, zikomo. Ndikudziwa kuti unalimba mtima kuyankhula chifukwa unali utaona zathu ife akuluakulu zikukanika pabenchi lomwelo popanda wonyozedwa.

Zonsezi sizinachitike nthawi ya mtendere. Tinayamba mu 2022, chaka chimene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Magetsi ankabwera anthu atagona. Maola ochepa amenewo anali oti a madala amalizire mageti a anthu, koma ankatisiyira kiyi ndi makina owotcherera. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo marodi, madisiki a galayinda ndi chitsulo, zomwe zambiri zimachokera kunja, zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Ndinkayembekezera kuti za Loweruka zija zatha basi. Anangotiuza kuti tizijambula kaye papepala ndi kuyesa pakatoni tisanadule chitsulo. Mulu uja sanautseke.

Anthu amakonda kutchula William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Ndi zoona, mnyamatayo anali ndi mutu. Koma ine ndimaganizanso za bambo ake, amene njinga yawo inathera pamakinawo. Pakhomo pa mlimi njinga si chinthu chamasewera, ngakhale yowonongeka. Tikamauza achinyamata kuti aziganiza zatsopano, tizifunsanso kuti ndani pakati pathu ali wokonzeka kupereka njinga.

Kwathu amene anapereka ndi amayi. Ufa wa chinangwa umene tinkaphikira phala lomatira unkachoka m'chitini chawo, ndipo mbaula yoyesera inali yawo. Pali madzulo ena amene nsima inapsa mochedwa, nyumba yonse utsi, azibale anga akung'ung'udza, iwo n'kungoti, "Mawa ubweretse ena, awa sanaume." Amayi, Mulungu akusungeni. Amalume a ku Chirimba, jeke ija munatibwereka kuti tibweza pakatha sabata, tonse tikudziwa kuti sinabwerere. Yatsopano tagula, ndibwera nayo ndekha.

Ndithokozenso mayi wina wokazinga mandasi pafupi ndi siteji, amene sanatinyengerere ngakhale tsiku limodzi. Nthawi ina tinasakaniza dothi kuti tisunge ufa. Anaphikira m'mawa umodzi n'kutiitana: "Ana inu, bwerani mudzaone. Phulusa ili ndigulitsa kwa ndani? Mafuta anga sakuwira." Abale ndi anzathu ankatiuza kuti zili bwino pofuna kutilimbikitsa, ndipo tikuyamika mtima umenewo, koma muyeso wa fumbi ndi phala umene tikugwiritsa ntchito lero unachokera pa kudandaula kwa mayi ameneyu. Amayi ogulitsa makala amene munkatisungira fumbi m'matumba osatilipiritsa, poyamba mukutiseka kuti tapenga, inunso zikomo.

Tisanamizane, fumbi la makala ndi makala ndithu. Silibweza mitengo paphiri la Ndirande, limene akuluakulu amati kale linali nkhalango. Ndiye pano tikuyesa kuwotcha zitsononkho ndi makoko a mtedza mumgolo wotseka kuti tipeze makala osadula mtengo. Mpaka lero mgolowo ukutipatsa phulusa lambiri kuposa makala, ndipo Lolemba lapitali unali pabenchi, a madala ali ndi choko m'manja. Tikuganiza kuti mabowo a mpweya kunsi achuluka.

A madala avomera kuti achinyamata awiri kapena atatu a m'dera lino azibwera Loweruka masana kudzayesa zawo pa mulu uja, atsikana ndi anyamata omwe. Palibe cholipira. Mubwere mutavala nsapato zotseka, osati masilipasi, ndipo magalasi owotcherera tikubwerekani. Amene muli ndi zitsononkho zouma kumunda musazitenthe, tiuzeni tidzatenge ndi wilibala.