Phiko la pa thanki

Lachiwiri lapitali mnyamata wina wa ku Domué anafika pa garaja yanga pano pa Ulongué, ku Mozambique, ali pa mota yanyuwani, pulasitiki ya pampando asanachotse n'komwe. Ndinkayesa pali chimene chavuta. Iye anapisa m'thumba natulutsa timapepala tiwiri tomata, tokhala ndi phiko lija, chizindikiro cha njinga zamoto za Honda, nati: "Amestre, mundimatireko uku ndi uku, koma tisapendekeke."

Motayo ndi ya ku China, ndipo dzina lake lenileni lili pa thanki pomwepo m'malembo akuluakulu. Mwini wake akudziwa, ine ndikudziwa, anzake a pa siteji akudziwa. Palibe amene ankafuna kumupusitsa. Ankangofuna kuti phiko likhalepo, ndipo ine ndinamumvetsa msanga, chifukwa phiko lomwelo linandigwira mtima ndili mwana.

Ife tinathawa nkhondo kupita ku Dedza ine ndili wamng'ono, ndipo tinabwerera kuno mtendere wa 1992 utakhazikika. Misewu inali itamera thengo, milatho ina itagwa. Galimoto kumudzi kwathu inkafika mwa apo ndi apo, koma njinga zamoto ziwiri zinkafika nyengo iliyonse: Honda XL yofiira ya mlangizi wa zaulimi, ndi Yamaha AG ya bambo wa zaumoyo amene ankabwera ndi bokosi la katemera atalimanga kumbuyo. Tikangomva kulira kwake kutsidya kwa dambo, ana tonse tinkasiya zimene tikuchita n'kuthamangira ku msewu. Usiku wina wa mvula mlongo wanga wamng'ono anadwala malungo mpaka kuyamba kukomoka. Bambo anathamanga kukagogoda kumene mlangizi uja anagona. Iye sanafunse zambiri, anangovala jekete, amayi anakwera kumbuyo mwana ali pakati atafundidwa zitenje ziwiri. Ine ndinaima pakhomo kuyang'ana kanyali kofiira kakugwedezeka m'matope mpaka kuzimiririka. Mlongo wangayo ali moyo lero, ali ndi ana anayi ku Moatize. Chiyambire usiku umenewo, ndikaona phiko lija ndimaona kanyali kaja.

Sindinaonepo chikwangwani chotsatsa Honda ndili mwana. Dzinalo linalowa m'mudzi mwathu kudzera mwa munthu amene ankalikwera ndi ntchito imene ankagwira. Ndikukhulupirira kuti ndi mmene dzina lililonse la njinga yamoto limakulira: anthu amayamba aona wokwerayo, n'kulakalaka kukhala ngati iye.

Eni makampani amadziwa zimenezi kuposa ife. Ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, wokwera njinga yamoto ankaonedwa ngati chigawenga cha jekete lachikopa. Honda inkafuna kugulitsa kanjinga kake kakang'ono ka Super Cub, kamene kanayamba kupangidwa mu 1958. Mu 1963 anatulutsa zotsatsa zoonetsa amayi, ana asukulu ndi abambo ovala bwino ali pa kanjingako, uthenga wake wakuti pa Honda mumakumana ndi anthu abwino. Sanatame injini, anangosintha nkhope ya wokwera. Pofika 2017 ma Super Cub opangidwa anali atapitirira 100 miliyoni.

Harley-Davidson inatenga njira ina, ndipo ndi imene imandidabwitsa kwambiri. Kampaniyi inayamba mu 1903 mu mzinda wa Milwaukee ku America. Ine pa zaka zonse zimene ndagwira sipanala sindinamasulepo nati ya Harley ngakhale imodzi, komabe dzinalo ndimaliona sabata iliyonse pa msika, pa malaya a kaunjika, amene kuno timati calamidade. Mnyamata wanga wothandizira ali nayo T-shirt yakuda ya chiwombankhanga, amaichapa yekha, salola kuti iyanikidwe padzuwa. Taganizani, dzina lafika kuno ku Angónia njinga yake isanafike! Iwo amagulitsa chithunzi cha munthu womasuka, wopanda bwana, msewu wautali uli patsogolo pake. Mu 1983 anakhazikitsa gulu la eni njingazi, Harley Owners Group, kuti wogula asangopeza chitsulo koma apezenso abale oyenda nawo. Ngakhale kalilidwe ka injini yawo ya masilinda awiri oima ngati V anakaona kuti ndi chuma: mu 1994 anapempha boma la kwawo kuti phokosolo lilembedwe kuti ndi lawo, ndipo mu 2000 anasiya pempholo makampani ena atalimbana nawo. Monga makaniko zimenezi ndimazilemekeza, chifukwa ife timazindikira injini ndi khutu tisanaione. Koma zina mwa njingazi zimalemera kupitirira makilogalamu 300. Pa msewu wa ku Tsangano mu February, itagwa m'matope, mungafunike mudzi wonse kuti muidzutse.

Za BMW ndinazionera pafupi. Chaka chatha mzungu wina wachikulire wochokera ku Germany anaima pano tayala litaphwa, akuchokera ku Dedza kudzera pa chipata cha malire cha Calómuè, ulendo wa ku Tete n'kupitirira mpaka ku Cape Town. Inali BMW ya mtundu wa GS, mabokosi achitsulo mbali zonse, omatidwa timbendera ta mayiko amene wadutsa. Masilinda ake awiri amatuluka m'mbali ngati nyanga, ndipo tcheni ilibe, mphamvu imapita ku tayala lakumbuyo kudzera mu shafiti. Ndinagwada n'kuiyang'ana nthawi yaitali ndisanakhudze kanthu. Mtundu umenewu unayamba mu 1980 ndi R80 G/S, ndipo chaka chotsatira BMW inapambana mpikisano wa Paris-Dakar wodutsa m'chipululu cha Sahara. Kuchokera pamenepo, ku Ulaya munthu akagula GS amagula maloto odzafika ku Africa. Ambiri mwina sadzafika, koma bambo uyu anafika. Anakhala pa benchi yanga akumwa madzi, akuyang'ana mnyamata akudutsa pa mota atanyamula matumba atatu a mbatatesi ndi mayi pamwamba pake, ndipo anatulutsa foni n'kujambula. Anyamata athu nawonso anali kujambula njinga yake. Msewu umene iye anausungira ndalama zaka zambiri kuti adzauone ndi womwewu umene ife timapitira ku chigayo.

Tsono mayina amene ali ndi mphamvu kuno ndi ena: Lifo, Sanlg, Boxer ya Bajaj ya ku India. Anzathu a ku Malawi amaoloka malire kudzagula njingazi kuno kuti akayendetse kabaza ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Lilongwe. Palibe amene anatilonjeza ufulu wa pa msewu. Mbiri yake imamangidwa pa siteji, pakamwa pa oyendetsa: iyi imamwa petulo pang'ono, iyo kaliyala yake sipindika, inayo masipeya ake ali pa shopu iliyonse. Mlimi akagulitsa fodya kapena mbatatesi, chinthu choyamba chachikulu pambuyo pa malata nthawi zambiri ndi mota. Ndipo imasintha mmene anthu amamuonera. Pamaliro ndiye amatumidwa kukauza achibale akutali. Mayi woyembekezera akayamba kumva ululu usiku, ndi pakhomo pake pamene amagogoda. Akapita kukafunsira mbeta, amalume a mtsikana amaiona itaimikidwa pansi pa mtengo asanamve n'komwe mawu ake. Ulemu umene mlangizi uja anali nawo, lero mwana wa mlimi akhoza kuupeza ndi zokolola za chaka chimodzi chabwino.

Chimene anyamata ambiri sadziwa n'chakuti phiko limene amamata lili ndi ubale weniweni ndi chimene chili pansi pa thanki. Injini zambiri za ku China zimene ndimatsegula zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, imene inatuluka mu 1975. Akatswiri a Honda anayendera mayiko osauka naona kuti anthu amachedwa kusintha oilo, amanyamula katundu wopitirira muyeso ndipo amayenda m'fumbi. M'malo modandaula, anapanga injini yosavuta, yoyendetsa mavavu ndi timitengo tachitsulo tokankha kuchokera pansi, kuti ipirire moyo wotere. Nthawi iliyonse ndikatsegula chivundikiro cha pamwamba pa injini n'kuona timitengo tiwiri tija, ndimamva kuti munthu wina ku Japan anaganizira za anthu onga ife. Yamaha AG nayonso inapangidwira alimi a ku Australia, n'chifukwa chake tcheni yake ndi yotsekeredwa kuti matope asalowe, ndipo ili ndi mwendo woimikira mbali zonse ziwiri. Mayina amenewa anakhalitsa chifukwa zimene analonjeza zinkapezekadi m'chitsulomo.

Pali chimene chimandiwawa. Pa Facebook ndi TikTok anyamata amaona njinga zofiira za Ducati zikupendekeka pa kona mpaka bondo kukhudza pansi, ndipo amatengako liwiro ndi phokoso lokha. Saona kuti wokwerayo wavala chikopa kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, kuti msewuwo ulibe mbuzi kapena ngolo. Amabwera kuti ndiwaboolere ekizozi ilire kwambiri, magalasi oonera kumbuyo achotsa kuti ioneke yothamanga, kapasete, chipewa choteteza mutu chija, ili pachigongono kuopa apolisi basi. Zaka zitatu zapitazo mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito ndi manja angawa anagunda ng'ombe madzulo akuchokera ku msika. Kapasete inali yomangidwa pa kaliyala. Ndinathandiza kunyamula bokosi lake, ndipo mota yake inakhala kuseri kwa garaja miyezi isanu bambo ake asanapeze mphamvu yodzaitenga. Kuyambira pamenepo ekizozi sindiboola, ngakhale munthu abwere ndi ndalama zingati.

Mnyamata wa ku Domué uja ndinamumatira mapiko ake. Ndinapukuta thanki ndi nsalu yoyera, ndinayeza ndi chingwe kuti onse awiri afanane, ndinasalaza ndi chala kuti mpweya usatsale mkati. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu kuti aone bwino, nkhope ikuwala. Atafunsa mtengo ndinamuuza kuti zomatazo salipira, koma abwere Loweruka lino ndi botolo la oilo kuti tichotse wa ku fakitale, tikungenso tcheni ndi masipoko, ndipo abwere kapasete ili kumutu, lamba wake atamanga.

"Ndamva, amestre," anatero, nauyamba ulendo wa ku Domué pang'onopang'ono, monga injini yatsopano imafunira. Ndamusungira malo Loweruka m'mawa, ntchito zina zisanayambe.