Ulendo wa pakati pa mayeso omaliza ndi gawuni

Anzanga ogwira ntchito kuno ku Mangochi, aphunzitsi, anamwino, alangizi a zausodzi ndi a m'maofesi a khonsolo, akamandifunsa za maphunziro opitirira digiri yoyamba amafuna kudziwa zinthu ziwiri: fizi ndi ndalama zingati, ndiponso ngati abwana adzawalola kuchoka pantchito masabata a kalasi. Mafunsowa ndi oyenera, koma mmene ndaonera ine, anthu amene amatsalira panjira kawirikawiri amakhala atalipira fizi ndiponso atakhoza mayeso onse a m'kalasi. Amatsalira pakati pa tsiku lolemba mayeso omaliza ndi tsiku limene dzina lawo liyenera kuitanidwa pa mwambo wopereka madigiri, ndipo gawo limenelo ndi limene zotsatsa za m'nyuzipepala sizifotokoza.

Ndiyambe ndi mapepala enieniwo, chifukwa ambiri timawasokoneza. Pali satifiketi ndi dipuloma zimene munthu amachita ali ndi MSCE yokha, monga zimene ambiri a zausodzi anayambira pa koleji ya ku Mpwepwe, ndipo palinso satifiketi ndi dipuloma zimene amachita okhawo amene ali kale ndi digiri yoyamba. Chitsanzo chodziwika ndi UCE ya ku Zomba, imene inakonzedwera anthu amene ali ndi digiri koma sanaphunzire za kaphunzitsidwe. Pamwamba pake pali digiri yachiwiri, imene tonse timangoti masitazi, yotenga pafupifupi zaka ziwiri, kenako PhD, imene imatenga zaka zitatu kapena kuposerapo ndipo pafupifupi yonse ndi kafukufuku. Ine sindichita manyazi kulangiza munthu amene akungofuna luso linalake la pantchito kuti achite dipuloma ya pamwamba pa digiri n'kuimaliza, m'malo molembetsa masitazi imene sadzaimaliza. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Musanalipire khobiri lililonse, fufuzani ku bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira sukulu za ukachenjede. Kulembetsedwa kwa sukulu ndi kuvomerezedwa kwa maphunziro ake ndi zinthu ziwiri zosiyana, motero ndi zotheka kuti sukulu ili m'kaundula koma pulogalamu imene mukufunayo sinavomerezedwe. Amene akuphunzira pa intaneti ndi yunivesite za kunja akumbukirenso kuti bungwe lomweli ndi limene limaunika mapepala ochokera kunja. Pamene mukulemba fomu, musadabwe ndi kusintha kwa mayina: mu 2021 Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine pamodzi ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS, ndipo dzina la University of Malawi linatsala ndi sukulu ya ku Zomba. Bunda inali itapatuka kale mu 2012 n'kukhala mbali ya LUANAR.

Tsopano kafukufuku, umene ndi mtima wa nkhaniyi. Chaka choyamba cha masitazi chimayenda chokha, chifukwa pali ndandanda ya makalasi, pali anzanu okukumbutsani pa WhatsApp, ndipo pali tsiku la mayeso limene simungalisunthe. Chaka chachiwiri mumatsala nokha ndi mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu, amene ali ndi ophunzira ena ambiri ndipo ali kutali, pamene inu mwabwerera ku ntchito ya tsiku ndi tsiku, ku maliro ndi ku misonkhano ya kunyanja. Choyamba mumalemba ndondomeko ya kafukufuku n'kukaiteteza pamaso pa aphunzitsi a dipatimenti. Akaivomera, imapita ku komiti yoona ngati kafukufukuyo sadzapweteka kapena kupusitsa anthu ofunsidwa. A zaumoyo ambiri amadziwa COMREC ya ku KUHeS, ndipo yunivesite zina zili ndi makomiti awo. Kufunsa anthu mafunso kalata ya komitiyo isanatuluke n'kudziputira mavuto, chifukwa zonse zimene mwatolerazo zikhoza kukanidwa.

Kuno kwathu pali zina zoonjezera zimene buku la malamulo a yunivesite silitchula. Pambuyo pa kalata ya komiti mumafunika chilolezo cha ofesi ya DC kapena ya zaumoyo kapena ya maphunziro m'boma, kenako kukaonekera kwa mfumu, ndipo ku nyumba ya mfumu munthu sangolowa ndi mafomu m'manja ngati wodzawerenga mita ya madzi. Mafunso olembedwa m'Chingerezi ayenera kukhalanso m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo ngati Chiyao chanu ndi cha moni yekha muyenera kupeza wokuthandizani n'kumulipira. Kalendala nayonso iyenera kuganiziridwa. Amene akufuna kufunsa asodzi a ku Malombe kapena ku Makawa akumbukire kuti chakumapeto kwa chaka nyanja imatsekedwa ndipo ena amasamukira kwina, amene akupita ku Makanjira asadikire mvula, ndipo amene akufuna kusonkhanitsa amayi masana m'mwezi wa Ramadan adzapeza kuti anthu atopa kapena ali pa kukonza futali. Chilichonse mwa izi chikhoza kudya miyezi, pamene nthawi imene yunivesite imalola kuti munthu akhale m'kaundula ili ndi malire, ndipo kuiwonjezera nthawi zambiri kumafuna kalata komanso ndalama.

Mukamaliza kulemba, ntchito yanu imatumizidwa kwa oyesa, mmodzi wa pa yunivesite pomwepo ndi wina wochokera kwina, ndipo m'mapulogalamu ambiri mumaitanidwa kukayankha mafunso pamaso pawo. Ndi ochepa amene amatuluka m'chipindamo opanda zokonza. Ine anandipatsa masamba a ndemanga, zina zazikulu zokhudza mmene ndinasankhira anthu ofunsidwa, zina zazing'ono ngati nambala za matebulo zosatsatana, ndipo ndinazikonza usiku ndi usiku nditaweruka, laputopu ili pa thebulo la pakhonde chifukwa cha kutentha kwa mu Okutobala. Zokonzazo zimasainidwa, buku limamangidwa, kenako zotsatira zimadutsa ku dipatimenti ndi ku makomiti ena mpaka kufika ku Senate, komiti yaikulu ya zamaphunziro pa yunivesite, imene ndi yokhayo ili ndi mphamvu yonena kuti munthu wakwaniritsa zofunika pa digiri. Senate ili ndi masiku ake okumana. Mukachedwa ndi sabata imodzi kupereka zokonza, dzina lanu likhoza kuphonya mndandanda, ndipo mudikira mwambo wotsatira.

Dzina likalowa pa mndandanda pamabwera fomu ya clearance, yotsimikiza kuti mulibe ngongole kapena katundu wa yunivesite. Ndi pepala wamba la mabokosi, ndipo bokosi lililonse likufuna siginecha ndi chidindo: ku ofesi ya zachuma, ku laibulale, ku dipatimenti, ku hositelo ngati munagonako, ndi kwa Registrar. Pa yunivesite imene ndinaphunzira, kompyuta ya ku zachuma inkaonetsa kuti ndili ndi ngongole ya teremu imene ndinalipira kalekale, ndipo chinandipulumutsa ndi kapepala ka kubanki kamene kanali katayamba kufufutika m'envelopu ya khaki. Choncho sungani risiti iliyonse ndipo muijambule pa foni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya mapepala amenewo siichedwa kuzimiririka. Munthu wochokera ku Mangochi aganizirenso kuti maofesiwa satha tsiku limodzi. Minibasi yonyamuka m'mawa kudzera ku Liwonde ikhoza kukufikitsani wosaina wina atapita kumsonkhano.

Chinthu china chimene chimavutitsa kwambiri anthu a dera lathu ndi kalembedwe ka mayina. Si zachilendo kuti pa satifiketi ya MANEB palembedwa Yusufu, pa chiphaso cha unzika Yusuf, ndipo pa digiri yoyamba dzina la bambo labwera poyamba. Amayi amene anakwatiwa digiri yoyamba itatha amakhala ndi vuto lofanana. Yunivesite imasindikiza dzina limene lili m'kaundula wake, ndipo imatulutsa mndandanda mwambo usanachitike kuti aliyense aone ngati lalembedwa bwino. Nthawi yokonza ndi imeneyo, ndipo kawirikawiri amafuna kalata yolumbirira ya kwa majisitireti kapena kwa loya yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Satifiketi ikasindikizidwa, kuisintha ndi ntchito yaitali.

Za tsiku lenilenilo sindinena zambiri, poti aliyense anazionapo pa wailesi ya kanema. Mumalipira ndalama ya mwambo, mumabwereka kapena kugula gawuni, chisoti ndi kansalu kolendewera kumsana kamene mtundu wake umasonyeza digiri yanu, ndipo kusanafike tsikulo pamakhala kuyeserera kayendedwe ndi malo okhala. Pa yunivesite za boma mwambo wakhala woti Chancellor, mkulu amene amapereka madigiri, amakhala mtsogoleri wa dziko, ngakhale kuti si pa mwambo uliwonse pamene amabwera yekha. Makadi a alendo amakhala ochepa, ndipo mlandu wosankha pakati pa mayi, mkazi ndi amalume amene analipira fizi ya ku sekondale ndi bwino kuuthetsa kunyumba kusiyana ndi pa khomo la Great Hall, holo ya mwambowu ku Zomba. Amene sangathe kupita amalembera Registrar kuti digiri iperekedwe iye kulibe, ndipo mphamvu yake ndi yofanana.

Si nthawi zonse pamene satifiketi imaperekedwa tsiku lomwelo, ndipo pokaitenga amafuna chiphaso ndi fomu ya clearance ija, motero musaitaye pa chikondwerero. Pemphaninso transcript, pepala losonyeza maphunziro onse ndi mmene munakhozera, chifukwa olemba ntchito ndi yunivesite za kunja amaifunsa ndipo imatenga nthawi kutuluka. Ogwira ntchito m'boma apereke makope otsimikizidwa ku ofesi yoona za antchito kuti alowe mu failo yawo, anamwino ndi madokotala akadziwitse khonsolo imene inawalembetsa, ndipo amene anatenga ngongole ya boma pa digiri yoyamba aone ngati anamaliza kubweza.